Malinki m'malo mwa masipuling'i osanjikiza: kusankha ndi kumanga sasipenshoni yakumbuyo ya pikapu yoyenda m'tchire

Ekiselo yakumbuyo ya pikapu imafuna zinthu ziwiri kuti igwire bwino ntchito: chosenza kulemera kwa galimoto, ndi choigwira kuti isachoke pamalo pake. Pa mapikapu ambiri, monga Toyota Hilux, Isuzu D-Max ndi Land Cruiser 79, ntchito zonse ziwirizi zimagwiridwa ndi masipuling'i osanjikiza, zitsulo zazitali zaphanthiphanthi zija zomwe nsonga zake zimakoledwa ku chasisi, pakati pake n'kumangidwa ku ekiselo ndi ma U-bolt. Sasipenshoni ya malinki imagawa ntchitozi pawiri. Kulemera kumasenzedwa ndi masipuling'i a koyilo, opotana aja, pomwe kugwira ekiselo kumakhala kwa ndodo zachitsulo zotchedwa malinki. Ndodo iliyonse imachokera ku chasisi kukafika ku ekiselo, ndipo kunsonga zake zonse ziwiri kumakhala jointi kapena bushi yoilola kugwedezeka.

Chomwe chimachititsa anthu kusiya masipuling'i osanjikiza chimaonekera pokwera chitunda cha miyala kapena potuluka mumchenga. Injini ikamazunguza matayala chopita kutsogolo, chigoba cha ekiselo chimafuna kuzungulira chobwerera, mphuno ya difu n'kumadzuka. Palibe china chokaniza kuzungulirako koma sipuling'i yomweyo. Ikakhala yofewa imapindika ngati chilembo cha S; tayala likangoterereka imadziwongola mwamphamvu, kenaka n'kupindikanso. Galimoto imayamba kudumphadumpha chakumbuyo, ndipo sipatenga nthawi kuti chinachake chithyoke, kaya jointi ya propshaft, kaya chitsulo chachikulu cha sipuling'i. Vutoli limatchedwa axle wrap. Kuika sipuling'i yolimba kumalichepetsa, koma yolimbayo siilola tayala kutsikira m'dzenje. Zikatero tayala limodzi limalendewera m'malere likungozungulira, galimoto ili chiimire. Malinki amathetsa mkanganowu, chifukwa ekiselo ikagwidwa ndi ndodo zosapindika, sipuling'i ikhoza kufewa mmene mwini wake akufunira.

Nzeruyi si yatsopano. Range Rover yoyamba, ya 1970, inali ndi makoyilo kumatayala onse anayi. Kumbuyo ekiselo inkagwidwa ndi ndodo ziwiri zam'munsi ndi chitsulo chamiyendo iwiri chooneka ngati chilembo cha A, cholumikizidwa pamwamba pa difu. Kapangidwe komweka kanapita pa Land Rover One Ten ya 1983, yomwe pambuyo pake inatchedwa Defender. Nissan inaika makoyilo pa Patrol Y60 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Toyota pa Land Cruiser 80 mu 1990. Mapikapu ambiri anachedwerapo: Ram 1500 ya ku America inasintha mu 2009, kenaka kunabwera Nissan Navara D23 ya zitseko zinayi, ndi Ford Ranger Raptor ya 2018. Koma luso lodula masipuling'i akale n'kuwotcherera malinki pagalimoto yomwe inabadwa yopanda malinkiwo linakulira ku America, m'magaraja a anthu okwera miyala ku Moab ndi ku Rubicon Trail, ndiponso a mipikisano ya m'chipululu monga Baja 1000 ya ku Mexico, yomwe inayamba mu 1967, ndi King of the Hammers ya ku Johnson Valley, California, yoyambira mu 2007. Pa magalimoto othamanga ku Baja, tayala lakumbuyo limatha kukwera ndi kutsika mtunda wopitirira masentimita 70, chinthu chomwe sipuling'i yosanjikiza ya pikapu wamba singayandikire n'komwe.

Funso loyamba posankha si mtundu wa malinki, koma ngati galimotoyo ikuwafunadi. Mu 1999 Toyota inaika makoyilo kutsogolo kwa Land Cruiser 78 ndi 79, koma kumbuyo inasiyako masipuling'i osanjikiza, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Awa ndi magalimoto omwe ku Malawi ndi ku Zambia amadziwika ngati maambulansi ndi akavalo a mabungwe m'misewu ya matope. Toyota sinaiwale, inadziwa ntchito ya galimotoyo. Sipuling'i yosanjikiza imasenza katundu wolemera mosadandaula, imagawa kulemerako pamalo awiri otalikirana a chasisi, ndipo chitsulo chimodzi chikathyoka pakati pa ulendo, zotsalazo zimafikitsabe galimoto pomwe pali makaniko. Pikapu yomwe moyo wake wonse ndi matumba a chimanga, simenti ndi migolo ya mafuta ingapindule kwambiri ndi masipuling'i atsopano ndi mashoko abwino kusiyana ndi malinki. Malinki ndi a galimoto yopepuka kumbuyo, yomwe mwini wake akufuna kuti matayala azikhala pansi pamalo osalingana, kapena kuti izithamanga pamsewu wa mabampu popanda kudumpha.

Mitundu yake imasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: chomwe chikuletsa ekiselo kusunthira kumanja kapena kumanzere. Mtundu womwe mafakitale amakonda uli ndi malinki anayi oyang'ana kutsogolo, awiri m'munsi ndi awiri m'mwamba, kuphatikizapo ndodo yachisanu yopingasa yotchedwa Panhard, dzina la kampani yakale ya magalimoto ya ku France. Nsonga imodzi ya Panhard imamangidwa ku chasisi, inayo ku ekiselo kutsidya linalo. Ndi mtundu wosavuta kuupezera malo, chifukwa umasiya pakati pa chasisi popanda kanthu, thanki ya mafuta ndi ekizozi n'kukhala pomwe zinali. Chilema chake n'choti Panhard imayenda mokhota, choncho ekiselo ikamakwera ndi kutsika imakokedwera kumbali. Ndodo yotalika mita imodzi, yogona bwinobwino, imakoka ekiselo pafupifupi masentimita 2 ekiseloyo ikatsika masentimita 20. Ikakhala yaifupi kapena yopendekeka kale, kukokako kumakula. N'chifukwa chake galimoto ya makoyilo ikakwezedwa ndi masentimita 5 okha, tayala limodzi lakumbuyo limaoneka lotuluka kuposa linzake, ndipo pamafunika Panhard yotheka kuitalikitsa kapena bulaketi yoigonekanso. Komanso malinki anayi ofanana amalimbana okhaokha ekiselo ikapendekeka kwambiri. Mabushi a labala ndiwo amameza kulimbanako, ndipo akachotsedwa n'kuikapo majointi achitsulo okhaokha, mabulaketi amayamba kung'ambika.

Kuchotsa linki imodzi yam'mwamba kumathetsa kulimbanako, n'kutsala malinki atatu ndi Panhard. Koma linki yotsalayo imasenza yokha ntchito ya ziwiri, ndipo ikaduka ekiselo imagudubuka n'kuzula propshaft ndi mapaipi a mabuleki nthawi imodzi.

Mtundu womwe okwera miyala ndi othamanga m'chipululu amakonda kumbuyo ndi wa malinki anayi opanda Panhard. Malinki awiri am'mwamba amachokera kumbali ziwiri za chasisi n'kudzakumana pamwamba pa difu, moti munthu akasuzumira kuchokera m'mwamba amaona chilembo cha V. Kupendekeka kwawoko ndiko kumagwira ekiselo pakati, ndipo imakwera ndi kutsika molunjika. Ena amapendeketsanso am'munsi, kuti akumane chakutsogolo pansi pa giyabokisi, zomwe zimachepetsa kukhota kwa ekiselo. Omanga ambiri amati mpata wa V yonseyo usachepere madigiri 40. Ukachepa, galimoto imagwedeza mchira pakona ndipo majointi satenga nthawi kutha. Mtengo wa ubwinowu ndi malo: malinki a V amadutsa pomwe pali thanki ndi ekizozi, ndipo nthawi zambiri zonse ziwiri zimayenera kusamuka. Palinso Watt's link, yomwe James Watt anaipangira injini za nthunzi m'zaka za m'ma 1780 ndipo lero ili pa Ranger Raptor. Imagwira ekiselo pakati bwino kwambiri, koma ili ndi tizigawo tambiri ndipo anthu omanga okha saikonda.

Mtundu ukasankhidwa, pamabwera gawo lomwe limasiyanitsa galimoto yabwino ndi yoopsa, lomwe ndi malo enieni omwe nsonga iliyonse ya linki ikhale. Muyeso woyamba ndi mpata wapakati pa linki yam'mwamba ndi yam'munsi pa ekiselo. Munthu wogwira mpini wa khasu manja atatalikirana amaulamulira mosavuta, koma akaugwira manja ali pamodzi, khasulo limamupota dzanja. Malinki nawonso ndi chimodzimodzi. Lamulo lomwe omanga amatsata ndi loti mpatawu ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa tayala: pa tayala la mainchesi 33, lomwe ndi masentimita 84, mpata ukhale masentimita 21. Masamu ake ndi osavuta. Ngati malinki am'munsi ali pamlingo wa pakati pa ekiselo, masentimita 42 kuchokera pansi, ndiye kuti pokwera chitunda am'mwamba amakokedwa ndi mphamvu yowirikiza kawiri yomwe matayala akukankhira nthaka, pomwe am'munsi amapanikizidwa ndi yowirikiza katatu. Mpatawo ukachepetsedwa ndi theka, mphamvuzo zimafika kanayi ndi kasanu. Bulaketi yomwe inkaoneka yokwana imang'ambika pamenepo.

Muyeso wachiwiri ndi kutalika ndi kagonedwe ka malinki am'munsi. Ayenera kukhala aatali mmene malo angalolere, ndiponso ogona pafupifupi molingana ndi nthaka galimoto ikaima. Linki yaifupi yotsetsereka kwambiri imakankhira tayala kumbuyo likamakwera, n'kulikokera kutsogolo likamatsika. Pakona, pomwe mbali imodzi imatsika ina n'kukwera, ekiselo yonse imakhota, galimoto n'kumadziwongolera yokha chakumbuyo dalaivala asanafune. Malinki am'mwamba nthawi zambiri amakhala ofupikirapo, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a am'munsi, ngakhale kuti ena amawalinganiza pofuna kuti mphuno ya difu izilozabe ku giyabokisi.

Muyeso wachitatu, wotchedwa anti-squat, ndi womwe umavuta anthu kumva, koma ukhoza kujambulidwa pakhoma la garaja ndi choko. Galimoto ijambulidwe chammbali. Mzere wa linki yam'mwamba ndi wa yam'munsi italikitsidwe chakutsogolo mpaka ikumane. Kenaka mzere wina uchokere pomwe tayala lakumbuyo lagunda nthaka, udutse pamphambanoyo, mpaka ufike pamwamba pa ekiselo yakutsogolo. Kukwera kwa mzerewu pamalo amenewo kumayerekezedwa ndi kukwera kwa pakatikati pa kulemera kwa galimoto, pomwe omanga ambiri amangopaloza pa bawuti yam'mwamba yolumikiza injini ndi giyabokisi. Ziwirizi zikalingana, ndiye 100 peresenti: dalaivala akaponda mafuta, kumbuyo sikutsika ndipo sikukwera. Ikapitirira 100, kumbuyo kumadzuka, matayala n'kukanikizika pansi kwa kamphindi, koma pachitunda galimoto imayambanso kudumpha kuja komwe malinki anabwera kudzathetsa. Ikachepa, kumbuyo kumakhala pansi pang'ono ndipo sasipenshoni imameza mabampu mofewa, zomwe othamanga m'chipululu amafuna. Palibe nambala imodzi yokomera onse, ndipo nambalayo imasintha ekiselo ikamakwera ndi kutsika. Womanga wanzeru amaboola mabowo atatu kapena anayi pa bulaketi ya linki yam'mwamba ya ku chasisi, kuti adzathe kusintha atayendetsa. Masiku ano pali mapulogalamu a pakompyuta owerengera zonsezi, koma amangobweza zomwe munthu wawapatsa. Muyeso wolakwika wa tepi umatulutsa yankho lolakwika looneka bwino.

Pogula pali njira zitatu. Pali zida zopangidwira mtundu umodzi wa galimoto, zobwera ndi mabulaketi odulidwa kale. Ku Australia zotere zimagulitsidwa za Land Cruiser 79, ndipo kumeneko kusintha koteroko kumafuna chivomerezo cha injiniya galimoto isanabwerere pamsewu. Pali zida zosasankha galimoto, zomwe ndi mapaipi, majointi ndi mabulaketi chabe, masamu onse n'kusiyira wogula. Ndipo pali kupanga zonse wekha. Kwa munthu yemwe sanamangepo, njira yoyamba ndi yokhayo yomveka, ngakhale ndi yodula.

Zipangizo sizifuna kuumira. Malinki am'munsi ndi omwe amagunda miyala, choncho amapangidwa ndi paipi yachitsulo yamtundu wa DOM, kawirikawiri ya mamilimita 50 m'mimba mwake ndi khoma la mamilimita 6. Paipi ya madzi kapena ya mpanda siyenera kuyandikira ntchitoyi. Mabulaketi amadulidwa ku chitsulo cha mamilimita 6, ndipo jointi iliyonse iyenera kulowa pakati pa makutu awiri, bawuti n'kudutsa onse. Bawuti yogwidwa mbali imodzi imapindika. Mabawutiwo akhale a giredi 10.9, ndipo gawo losalala la bawuti ndilo lizikhala m'bowo, osati mazinga. Pa majointi, labala ndi wachete ndipo salowa fumbi, koma salola kupendekeka kwambiri. Majointi achitsulo otchedwa heim kapena rose joint amapendekeka bwino koma amaloleza phokoso lonse la msewu kulowa m'galimoto, ndipo fumbi ndi matope zimawadya msanga. Pagalimoto yoyendanso pa tala, ambiri amaika labala ku chasisi ndi jointi yopaka girisi ku ekiselo. Nsonga imodzi ya linki ikakhala ya mazinga akumanja, inayo akumanzere, linkiyo imatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa pongoipotoza, osaimasula.

Kumanga kumayamba ndi tepi, osati chopukusira. Galimoto iimikidwe pasimenti yosalala, ili ndi kulemera komwe imayenda nako masiku onse. Mtunda wapakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo uyezedwe mbali zonse ziwiri, pakati pa chasisi palendeweretsedwe chingwe cha mmisiri n'kulemba mzere pansi, ndipo kapendekedwe ka mphuno ya difu kalembedwe. Kenaka chasisi ikhazikidwe pa zochirikiza zachitsulo pamsinkhu womwe idzayendere. Jeke yokha siyodalirika munthu akalowa kunsi. Bodi yakumbuyo ichotsedwe, batire ilumulidwe, ndipo thanki ya mafuta ituluke kunja moto usanayake. Masipuling'i akale akachoka, mipando yawo pa ekiselo imadulidwa n'kupalidwa mpaka chitsulo chiwale.

Apa m'pomwe ambiri amaiwala kuti chasisi inapangidwira masipuling'i osanjikiza. Khoma lake ndi la mamilimita ochepa, ndipo kulemera komwe kunkagawidwa pamalo awiri tsopano kudzagwera pamalo amodzi, pamwamba pa koyilo. Malo amenewo, ndi pomwe pakhale mabulaketi a malinki, amafuna zigamba zachitsulo zazitali zosongoka kunsonga, komanso mtanda watsopano wolumikiza mbali ziwiri za chasisi. Msoko wowotcherera wodula chasisi molunjika kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi ndi pomwe mng'alu umadzayambira. Ku ekiselo nakonso kuli msampha: pa maekiselo ena chibade cha difu ndi chachitsulo chosungunula, chomwe sichigwira bwino moto wamba. N'chifukwa chake pamamangidwa mlatho wachitsulo wodumpha difu, miyendo yake itaima pa mapaipi a ekiselo, malinki am'mwamba n'kukoledwa pamlathopo.

Poyamba chilichonse chimangodonthezedwa moto pang'ono, kuti chigwire koma chitheke kugumulidwa. Ena amayamba ndi malinki a paipi ya pulasitiki, kuti akalakwitsa muyeso asataye chitsulo chodula. Ndiyeno, popanda masipuling'i, ekiselo imakwezedwa ndi majeke mpaka pamwamba penipeni, n'kutsitsidwa mpaka pansi, kenaka mbali imodzi m'mwamba ina pansi, n'kusinthanso. Pa sitepe iliyonse makaniko amalowa kunsi ndi tochi. Amayang'ana ngati tayala likukhula bodi kapena chasisi, ngati mlatho wa difu ukugunda mtanda, ngati jointi ina yafika pomaliza n'kuyamba kuluma khutu la bulaketi, ndiponso amazunguza propshaft ndi dzanja kuti amve ngati ikugwira penapake kapena yatsala pang'ono kusolokoka. Kuyesaku kumadya tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo ndi tsiku lomwe siliyenera kudumphidwa. Ndi pomwenso pamadziwika kutalika kwa mashoko. Shoko siyenera kukhala chomwe chikuimitsa ekiselo: m'mwamba iimitsidwe ndi zotchinga za labala, m'munsi ndi malamba olimba, apo ayi shoko imaphulika kapena koyilo imagwa pampando wake.

Kapendekedwe ka mphuno ya difu kamatsata mtundu wa propshaft. Ikakhala ya jointi imodzi kunsonga iliyonse, mphuno ya difu igone molingana ndi shafuti yotuluka ku giyabokisi. Ikakhala ya majointi awiri ophatikizana kumtunda, mphunoyo iloze chindunji m'propshaft momwemo. Kulakwitsa ndi madigiri ochepa kumabweretsa kunjenjemera komwe kumamveka pampando galimoto ikathamanga.

Zonse zikakhala bwino, majointi amachotsedwa kuti asapse, ndipo kuwotcherera komaliza kumachitika pang'onopang'ono: msoko waufupi mbali ino, wina kutsidya, n'kudikira kuti chitsulo chizizire. Moto wambiri pamalo amodzi umapinda paipi ya ekiselo, ndipo ekiselo yopindika imadya mabering'i ndi matayala moyo wake wonse. Waya wa nthaka wa makina owotcherera ukoledwe pafupi ndi msoko, kuti magetsi asadutse m'mabering'i. Ntchitoyi ndi ya mmisiri wodziwa kulowetsa moto m'chitsulo chochindikala. Luso la mageti ndi mawindo silikwanira pano.

Zotsala ndi zing'onozing'ono zomwe zimaimitsa galimoto zikaiwalika. Paipi yofewa ya mabuleki, waya wa handibuleki, mawaya a ABS ndi kapaipi kopumira difu zonse ziyenera kutalika mokwana ekiselo ikatsika pomaliza. Mapikapu akale ambiri ali ndi valavu yomwe imayeza katundu poona kutsika kwa bodi n'kugawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo; kandodo kake kakasiyidwa pamalo olakwika, matayala akumbuyo amamanga msanga kapena sagwira n'komwe. Makoyilo ofewa sakaniza bodi kupendekeka pakona monga ankachitira masipuling'i osanjikiza, choncho galimoto yoyenda pamsewu imafuna ndodo yoletsa kupendekeka, yomwe ena amaipanga yotheka kumasula akafika m'tchire. Mabawuti a mabushi a labala amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa n'kuima pamatayala ake. Akamangidwa ekiselo ikulendewera, labalayo amakhala wopotoka kale ndipo amang'ambika m'miyezi yochepa.

Ekiselo imalinganizidwa poyeza mopingasa kuchokera ku mzere wapakati uja, malinki n'kumapotozedwa mpaka miyeso ya mbali ziwiri ifanane, kenaka manati otsekera amamangidwa n'kulembedwa ndi penti kuti likamasuka lina lionekere. Ulendo woyamba umakhala wapang'onopang'ono pamalo opanda anthu: kuponda mabuleki mwamphamvu, kukhota uku ndi uku, kukwera kachitunda. Pambuyo pa makilomita ochepa oyamba, ndiponso pakatha ulendo uliwonse wa m'tchire, mabawuti onse amayesedwanso ndi sipanala, misoko n'kupukutidwa matope kuti mng'alu uoneke ukadali waung'ono. Galimoto yomwe idzayendenso pamsewu wa anthu onse imayenera kukaonedwa ndi oyeza magalimoto a boma, ndipo a inshuwalansi auzidwe za kusinthako kalata yawo isanakonzedwenso.